Za Chisipanishi chakuvuta chija

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, mwendo wa amayi ako ukupola pang'onopang'ono. Nkhani yako ya pa WhatsApp ija ndaimva, yoti anamwino anzako ku Spain konko anakuseka utanena kuti soy aburrida. Usakwiye, nanenso ndinaseka. Unawauza kuti ndiwe munthu wogwetsa ulesi, pomwe umafuna kunena kuti wanyong'onyeka. Ukanati estoy aburrida.

Ine sindinalowe m'kalasi ya Chisipanishi, ndinangotola pa zaka zomwe ndinkayendetsa galimoto ya wansembe wa ku Spain uja, koma vuto lako ndaliona: ukudzera m'Chingerezi. Kumeneko mneni wake ndi mmodzi, to be, pomwe Chisipanishi chili ndi awiri, ndiye ukafika pa mphambano ya ser (wa soy) ndi estar (wa estoy) umasowa kolowera. Dzera kwanu. Ife timati ndine namwino, ndine Mmalawi, koma ndili bwino, ndili ku Dedza. Unamvapo mwana akuti "ndine ku Dedza"? Pomwe ukanati ndine, ika soy. Pomwe ukanati ndili, ika estoy. Soy enfermera. Estoy en Valencia. Wodwala akakuuza kuti estoy malo, ndiye kuti sali bwino m'thupi, sakuulula kuti ndi woipa mtima.

Lamulo la m'mabuku loti ser ndi wa zokhalitsa, estar wa zakanthawi, usalidalire kwambiri. Munthu akamwalira amagwiritsa estar, amati está muerto. Imfa ndi yakanthawi ngati? Njira yangayinso ili ndi poterera pake: ife timati ukwati uli ku tchalitchi, koma iwo ponena malo a mwambo amagwiritsa ser, la boda es en la iglesia. Chimenecho ungoloweza, ine chinandigwetsa kangapo.

Pa tener, kukhala ndi chinthu, ndiye tili ndi mwayi. Mngerezi amatuluka nacho thukuta, pomwe kwa ife n'chakwathu. Ndili ndi njala, tengo hambre. Ndili ndi ludzu, tengo sed. Mantha, tulo, chimodzimodzi: tengo miedo, tengo sueño. Ngakhale zaka amachita kukhala nazo ngati ife, tengo 27 años. Koma apa undimvetse ngati bambo ako. Kukatentha mu Ogasiti uzinena kuti tengo calor. Zoti estoy caliente zisatuluke pakamwa pako, makamaka pagulu. Tanthauzo lake ukafunse mnzako wamkazi, ine sindingalembe.

Za mneni haber, komwe kumachokera hay, sindichulutsa. Hay ndiye pali, kuli, muli zathu zija, mawu amodzi basi, kaya chinthu n'chimodzi kaya n'zambiri: hay agua, hay tres camas. Ntchito yake ina ndi ya zomwe zachitika, he comido, ndadya.

Lamlungu ukaimba undiuze m'Chisipanishi komwe uli, zomwe wadya, ndi ngati uli ndi ndalama ya lendi. Amayi ako akuti usaiwale kutumiza chithunzi cha yunifolomu.

Ndine bambo ako.