Ana ena amayankhula ndi manja, uphungu uwafikire

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya uphungu wa thanzi la m'maganizo, yomwe ikumveka kwambiri masiku ano pa wayilesi ndi m'nyuzi, makamaka ikamayandikira 10 Okutobala, tsiku lokumbukira thanzi la m'maganizo pa dziko lonse. Uthenga wake umakhala umodzimodzi: ukapanikizika usasunge kukhosi, peza munthu umuuze. Ndi uthenga wabwino ndipo ndimauvomereza. Koma ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Bembeke, ndipo anthu amene ndimaswera nawo ndi ana a zaka 10, 11 kapena 12. Mwana wa msinkhu umenewu ukamukhazika pampando n'kumuuza kuti anene zakukhosi, amazyolika n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi. Si mwano ayi. Mawu ofotokozera chimene chikumudya mumtima alibe, komanso ndife tomwe tidamuphunzitsa kuti pamaso pa akulu mwana sachulutsa zonena. Ndiye akakhala duu timati ali bwinobwino.

Pempho langa ndi lakuti kujambula, kuumba, kuimba ndi masewero zilowe mu uphungu tikuulalikirawu, ndipo pakhale anthu ophunzitsidwa bwino oyendetsa zimenezi m'masukulu ndi m'zipatala zathu zing'onozing'ono.

Ndinene za mnyamata wina, ngakhale zina ndazisintha kuti asadziwike, ndipo mayi ake adandilola. Bambo ake ankalima kachewere monga ambiri kuno. Adatenga katapila kuti agule feteleza ndi mankhwala opopera, chiwawu chidalowa m'munda, zokolola sizidakwane kubweza ngongole, ndipo bamboyo adachotsa moyo wake. Pamaliro mwanayo sadalire, anthu n'kumamuyamikira kuti walimba mtima ngati mwamuna. Atabwerera kusukulu adali munthu wina. Mpira adausiya, ankagona pa desiki dzuwa lili paliwombo, ndipo mnzake akangomugunda pang'ono chibakera chinkatsatira. Dzina lake lidayamba kumveka ku ofesi ya ahedi ngati la mwana wovuta.

Tsiku lina pa phunziro la zaluso la Expressive Arts tidakatapa dongo kudambo. Ana adaumba zimene ana amaumba: ng'ombe, maminibasi, mafoni. Iye adaumba kanyumba kopanda khomo, ndi kamunthu kataima panja. Ndidakhala pansi pambali pake n'kungoti, "Tandiuza za nyumba yakoyi." Adayankha kuti, "Awa ndi ababa. Ndawatsekera, akalowa andikalipiranso." Manja ake adapitiriza kusalaza khoma la kanyumbako, maso osandiyang'ana, ndipo pang'onopang'ono nkhani idatuluka. M'mawa wa tsiku lomwe bambo ake adamwalira, iye adawavutitsa kuti amugulire nsapato, iwo n'kumukalipira. Miyezi yonseyo mwanayo ankakhulupirira kuti ndi iye adapha bambo ake. Panalibe amene ankadziwa, ngakhale mayi ake omubereka.

Ine sindine phungu wa zamaganizo, choncho madzulo omwewo ndidakaonana ndi mayi ake, ndipo pamodzi tidamutengera kwa namwino woona za matenda a m'maganizo ku chipatala cha boma. Namwinoyo ndiye adadziwa kumufotokozera mwanayo, mobwerezabwereza komanso pa msinkhu wake, za ngongole ndi za matenda a kukhumudwa omwe adagwira bambo ake, mpaka adamvetsa kuti kupempha nsapato sikupha munthu. Dongo lidatithandiza kudziwa pamene pali vuto. Kumuchiritsa kudafuna munthu amene ntchitoyo adaiphunzira.

Ena anganene kuti izi n'zachizungu. N'zoona kuti monga ntchito ya kuchipatala, njirayi idakula ku Britain m'zaka za m'ma 1940, pomwe wojambula wina, Adrian Hill, adaona kuti kujambula kukumuthandiza iye ndi odwala anzake pamene ankachira chifuwa chachikulu. N'zoonanso kuti mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti lounika kafukufuku oposa 3,000, lomwe lidapeza kuti nyimbo, magule ndi zojambula zimathandiza kupewa ndi kuchepetsa matenda, a m'maganizo omwe. Koma ife a ku Dedza umboni tili nawo pakhomo. Ku Chongoni, malo 127 omwe UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuli zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula komanso zoyera za Achewa, zina mwa izo zojambulidwa ndi amayi pophunzitsa anamwali. Makolo adaona kuti nkhani zina zolemera mtsikana amazimva bwino kudzera m'chithunzi ndi nyimbo kuposa mawu okha. Kumunsi ku Mua, ku malo a zachikhalidwe ndi zaluso a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, osema akhala akuika nkhani za m'mudzi ndi za chikhulupiriro pamtengo. Kumpoto anzathu Atumbuka ali ndi vimbuza, gule amene cholinga chake ndi kuchiritsa ovutika m'maganizo.

Koma chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi pamtondo. Amayi athu akamakonola ankaimba madandaulo awo: za mwamuna amene adapita ku Joni osatumiza kalata, za apongozi ovuta, za mkazi mnzawo wa pamitala, za khanda limene lidawasiya. Mnzawo wa musi wachiwiri ankavomereza, a nyumba zoyandikana ankamva, ndipo madzulo wina ankabwera kudzacheza, mwina ndi kandiwo m'mbale. Palibe amene ankamuzenga mlandu woimbayo, poti idali nyimbo. Lero timapita kuchigayo komwe phokoso silikulola ngakhale kupatsana moni. Sindikunena kuti tibwerere kumtondo, chigayo chidapeputsa misana ya amayi. Koma malo aja otulutsirapo zakukhosi adapita, ndipo sitidaikepo china m'malo mwake.

Njira zoti tiyambire zilipo kale, zokonzedwera ana a kuno ku Africa. Ina ndi ya Mtengo wa Moyo, yomwe katswiri wa zamaganizo wa ku Zimbabwe, Ncazelo Ncube, adaikonza pamodzi ndi David Denborough wa ku Australia, poyamba pofuna kuthandiza ana omwe adataya makolo chifukwa cha Edzi. Mwana amajambula mtengo. Pa mizu amaikapo kumene adachokera: mudzi, chiwongo, agogo ake. Pa thunthu amaikapo zimene amatha kuchita, kaya ndi kuweta mbuzi kaya kulera mng'ono wake. Nthambi ndi zimene akuyembekeza m'tsogolo. Masamba ndi anthu ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe, ndipo zipatso ndi zabwino zimene ena adamupatsa. Kenako mitengo ya ana onse imaikidwa pamodzi kukhala nkhalango, ndipo apo m'pomwe amayamba kukambirana za mphepo zamkuntho zimene zimawomba mitengo, ndi mmene mitengo imatetezerana. Nzeru yake ndimaikonda: mwana sayamba ndi kufotokoza tsoka lake, amayamba wakumbuka zimene ali nazo. Zipangizo zake ndi pepala ndi makala basi, ngakhale pepala la thumba la simenti limagwira ntchito.

Apa ndichenjeze, chifukwa chinthu chabwino chikagwera m'manja osadziwa chimavulaza. Kuchititsa mwana kutulutsa zowawa kuli ngati kuboola chithupsa: woboolayo ayenera kudziwanso kutsuka ndi kumanga bala. Wothandiza samasulira yekha chojambula cha mwana, amafunsa mwiniwake n'kudikira, ngakhale yankho litabwera sabata yamawa. Ndikunena izi chifukwa mwana akajambula bokosi la maliro kapena njoka, pali akuluakulu amene amathamangira kunena kuti waphunzitsidwa ufiti, ndipo mwana wofuna chithandizo amathera posalidwa ndi mudzi wonse. Chojambula chotere sichichongedwa ndi bolopeni yofiira, sichikhomedwa pakhoma mwini asadalole, ndipo nkhani yake sikambidwa m'chipinda cha aphunzitsi pa nthawi ya tiyi. M'midzi yathu aliyense ndi mbale wa aliyense, ndipo chinsinsi cha mwana mmodzi chikangotuluka, ana onse a pasukulupo amatseka pakamwa. Pokhapokha mwana akaulula kuti wina akumuchitira nkhanza, apo nkhaniyo iyenera kufika kwa oona za chitetezo cha ana kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Ana nawonso adziwe kuti angaimbe ulere pa 116, nambala ya foni yothandizira ana.

Palinso matenda amene dongo ndi nyimbo sizingawathe. Munthu amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, amene watha masiku ambiri osagona kapena osadya, amene wayamba kunena kuti bola kufa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pemphero lipitirire, koma lisalowe m'malo mwa mankhwala.

Za abambo nazo zimandisowetsa mtendere. Malipoti a polisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti mwa anthu odzipha, ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Bambo wa kuno sangalipire kabaza kupita ku boma kukaima pamzere kuti akauze mlendo kuti mtima ukumuwawa. Kuyambira ali mwana adauzidwa kuti mwamuna salira. Koma bambo yemweyo amabwera kukwaya, amavina ngoma pamwambo, amasema mipini, amakhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa. Uphungu umupeze kumeneko. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda adayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ndi kuwathandiza kupeza njira zothetsera mavuto awo, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2016 adaonetsa kuti othandizidwa motere adapeza bwino kuposa omwe adalandira chithandizo cha masiku onse. Ngati agogo adatha kuphunzira, atsogoleri a kwaya, amayi a mother group, alangizi a zaumoyo ndi anamkungwi angaphunzirenso.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kusukulu nthawi ya zonsezi ilipo kale. Expressive Arts ndi phunziro la ku pulayimale, koma poti pa mayeso a sitandade 8 limabwera ngati mafunso olemba, m'masukulu ambiri lidasanduka manotsi a pabolodi. Ana amaloweza mayina a zida zoimbira osagwirapo ng'oma, amalemba ndondomeko ya kuumba mphika manja ali mbee. Aphunzitsi anzanga sindikuwaimba mlandu. Kalasi ya ana oposa 100, makolo akufuna mwana asankhidwe kupita ku sekondale, nanga munthu atani? Komabe pamene tachotsa dongo ndi ng'oma m'kalasi, tachotsanso mpata umodzi umene mwana wovutika akadaonekera.

Ndikupempha unduna wa zamaphunziro ndi wa zaumoyo, pamodzi ndi khonsolo ya Dedza, kuti ayambe ndi zochepa zotheka. Zoni iliyonse ya masukulu ikhale ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa uphungu wa ana wogwiritsa ntchito luso, odziwana ndi namwino wa pa chipatala chapafupi kuti kutumiza mwana kusamavute. Koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa kale aphungu a zamaganizo, ndipo akatswiri otere angabwere kudzachititsa maphunziro pa TDC, malo a zoni ochitira maphunziro a aphunzitsi, nthawi ya tchuthi. Makoleji a aphunzitsi, monga St Joseph's kuno ku Bembeke, aikemo phunziroli kuti mphunzitsi watsopano azidziwa chochita mwana akamuululira zolemera. Anthu odzipereka a m'ma children's corner, malo a m'midzi omwe ana amakumanako kusewera ndi kulangizidwa, nawo asaiwalidwe, chifukwa amakumana ndi ana amene kusukulu adasiya. Maphunzirowa akadzalengezedwa ndidzalembetsa, ndipo anzanga a m'zoni muno omwe ndakamba nawo ati adzabwera ngakhale patakhala popanda alawansi.

Mphunzitsi wa sitandade 5,
Bembeke, Dedza