Magalamu ndi makapu poyeza nkhuyu zoduladula

Akonzi,

Ndikupempha malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za vuto limene timakumana nalo ife okonda kuphika keke ya zipatso zouma, makamaka nyengo ya Khirisimasi ikayandikira. Malangizo ambiri a kaphikidwe amatchula nkhuyu m'magalamu, chonsecho m'makhitchini ambiri muno mu Blantyre mulibe sikelo, ndipo chimene munthu ali nacho ndi kapu ndi supuni basi.

Nkhuyu zimene ndikunena si za mumkuyu wa kumudzi zija, zimene tinkayamba tazing'amba kuti tione ngati muli tizilombo, koma zolimidwa ndi kuumitsidwa, zobwera m'mapaketi, zambiri kuchokera ku Turkey, dziko limene limalima nkhuyu zochuluka kuposa mayiko ena onse.

Chimene chimasokoneza anthu ndi madzi. Madzi okwana mamililita 250 amalemera magalamu 250, ndiye ambiri amaganiza kuti chilichonse chodzaza kapu chimalemera chimodzimodzi. Nkhuyu zouma zoduladula sizitero, chifukwa pakati pa tizidutswa pamatsala mipata, moti kapu yodzaza imalemera pafupifupi magalamu 150 okha. Choncho malangizo akanena magalamu 250, pafunika kapu imodzi yodzaza ndi ina yopitirira theka, ndipo amene wathira kapu imodzi yokha waperewera ndi magalamu 100 athunthu. Paketi ya magalamu 500 imapereka makapu atatu n'kutsalako pang'ono. Malangizo a ku America, amene ambiri timawapeza pa intaneti, akanena ma ounce 8 ndiye kuti magalamu 227, kapu imodzi ndi theka.

Komanso kapu ndi kapu zimasiyana. Ya ku America ndi ya mamililita pafupifupi 237, ya ku South Africa ndi ya 250, ndipo kusiyana kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi makapu athu omwera tiyi, amene ena ndi aang'ono ngati a mwana, ena ngati mtsuko. Ine ndimayesa kapu yanga ndi botolo la madzi la mamililita 500: likaidzaza kawiri ndendende, ndadziwa kuti ndi ya 250.

Pamene ambiri timalakwitsa kwambiri ndi pa kadulidwe ndi kathiridwe. Nkhuyu zouma zimamata, ndipo munthu akazidula tating'onoting'ono n'kuzitsendera ndi supuni, mukapu mumalowa zambiri kuposa akazidula zikuluzikulu n'kungozithira. Ndi bwino kuchotsa timichira touma tija, kudula zidutswa zofanana ngati nsawawa, kuthira mosatsendera, n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Ngati malangizo akuti zinyikidwe m'madzi otentha kapena mu tiyi, ziyezedwe zisananyikidwe, pakuti zikamwa madzi zimafufuma n'kulemera. Nkhuyu zaziwisi ndi nkhani ina, popeza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a kulemera kwake ndi madzi, choncho sizingalowe m'malo mwa zouma pa muyezo womwewo popanda keke kutuluka yonyowa ndi yosatsekemera mokwanira.

Pempho langa kwa amene amalemba za kaphikidwe m'nyuzipepala yanu ndi lakuti azitchula miyezo yonse iwiri, magalamu ndi makapu, azinena kukula kwa kapu imene agwiritsa ntchito, ndiponso ngati nkhuyuzo ndi zouma kapena zaziwisi.

Ine wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre