Za achimwene, undifunsireko kumeneko

Mnzanga,

Kalata yako wabwera nayo mwana wa azakhali ako Lachiwiri, pamodzi ndi sopo uja. Zikomo. Koma chithunzi chija, iwe! Wanenepa chonchi ku Joni, ukukumbukanso kuti tinkazula limodzi nyika m'dambo, matope mpaka m'chiuno?

Ine kuno ku Bangula tulo palibe. Achimwene awalanda chilolezo chokhalira ku South Africa. Akuti ukwati wawo ndi wongogula pofuna mapepala. Wongogula! Lamulo lawo la 2002 lija ukulidziwa: ukhale pabanja ndi mwinidziko zaka 5 ndiye akupatse chilolezo chokhazikika, ndipo banja likatha zisanakwane zaka 2 chilandirireni, pepalalo lafa. Iwo anadikira zaka zonsezo. Ndiye alamu anapita kwawo ku Limpopo kukadwazika mayi awo, miyezi 4. Ofufuza pofika pakhomo anapeza mswachi umodzi ndi nsapato zachimuna zokhazokha. Kenako anawafunsa aliyense payekha, zoti katani yakuchipinda ndi yamtundu wanji, mkazi wanu anabadwa tsiku liti. Achimwene omwe aja? Ngakhale tsiku lawo lobadwa salisunga, amangoti 1986, chaka chimene othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza Nsanje.

Ogula maukwati alipo, sindikukana. Koma alamuwa ndinawaona ndi maso angawa. Anabwera kuno mu Okutobala, dzuwa lija lowotcha ndi kumapazi komwe, anakhala pamkeka akuphunzira kupeta mapira, mankhusu ali mbwee m'tsitsi, thukuta lili kamukamu, akuseka. Freddy atagwetsa nyumba ya amayi mu 2023, ndalama za malata anatumiza ndi iwowa, achimwene ali pa ulova. Mkazi wogulidwa amafolera nyumba ya apongozi?

Amalume, monga nkhoswe, akuti alemba kalata kuti a mfumu adinde. Kodi chidindo cha amfumu kumeneko amachiwerengera? Undifunsireko msanga, akuti apilo imafunika pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo 3 apita kale. Ndikangomva dzina loti Lindela, kuja amatsekerako alendo asanawabweze kwawo, m'mimba mumatentha.

Mjigo wathu wafanso, sabata yachiwiri ino, madzi tikukatunga kutsidya kwa msewu. Mbuzi za aneba aja zatha kholowa yense kudimba, ndikawauza akuti mbuzi ilibe malire. Udzudzu ndiye usanene. Mng'ono wako wabereka mwana wamkazi, mwina wamva kale.

Amayi sitinawauze. Tsiku lililonse amafunsa ngati mpongozi wawo abwere pa Khirisimasi, amusungira nkhuku yoyera ija, safuna ndi mlendo yemwe aidye. Ine ndimangoti abwera.

Lamulungu upiteko ukawaone achimwene, pafoni amangoti zili bwino koma mawu awo ndimawadziwa. Uwauze asonkhanitse zithunzi zonse, makamaka zamaliro a abambo pamene alamu anameta nafe. Pepala latha, ndipo amayi akutsokomola m'nyumbamo, ndikaone kaye ngati