Kabotolo kanu ka mu labotale ndi nkhokwe zathu za ku Kasungu

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, pamodzi ndi chithunzi cha kabotolo kaja mumati mumakasunga mufiriji ngati mwana wakhanda. Kuno tili bwino. Mayi ndinawapeza Lamulungu akusenda mtedza pakhonde, ali ndi mphamvu ndithu, koma akuti foni yanu yatalikira.

Mwandiseketsa pondifunsa ngati ndikukumbukirabe biotin. Ndingaiwale bwanji pomwe chaka chilichonse ndimauza ana a Fomu 3 kuti ndi vitamini B7, ndipo amapezeka mu mtedza, soya ndi chiwindi? Chimene chandigwira mtima ndi dzina lili pa kabotoloko, SBP65. Puloteni imeneyi akatswiri a ku France anaipeza mu nsawawa mu 1994, ndipo soya nayenso ali ndi yofanana nayo. Imachuluka mbewu ikamakhwima ndi kuuma, itagwira biotin, kenako mbewuyo ikayamba kumera imatha. Akatswiriwo amaganiza kuti ndi kamba amene mbewu imasungira kamera kake. Ndiye inu simuchita kusinja nsawawa ayi, mumangotenga kachidutswa ka DNA n'kulowetsa mwa bakiteriya wa E. coli, iye n'kumakupangirani. Ndayang'ana matumba anga a soya ali pabalazapa ndi maso ena.

Koma chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani ya avidin, imene mwangoitchula modutsa. Inu mumaidziwa ngati chida cha ntchito: puloteni ya m'choyera cha dzira yomwe imagwira ma biotin anayi nthawi imodzi, ndipo ikagwira sitaya, n'chifukwa chake mumakolera nayo zinthu zimene mwaziika chizindikiro cha biotin. Kodi mukudziwa kuti inalimidwapo m'munda? Kampani ya ProdiGene ya ku Texas inalima chimanga choikidwa DNA ya avidin, ndipo mu 1997 avidin yochokera m'maso a chimangacho inayamba kugulitsidwa kwa anthu a m'malabotale ngati inuyo. Zinali ndi vuto lake, chifukwa chimanga chokhala ndi avidin wambiri ngayaye zake sizinkatulutsa mungu wabwino.

Mu 2000 ofufuza a ku Kansas anapatsa chimanga chimenechi tizilombo towononga mbewu zosungidwa. Avidin inkalanda biotin yense, tizilomboto n'kulephera kukula. Mbewa za mu labotale zimene zinadya chimangacho masiku 21 sizinadwale. Achimwene, tsiku limene ndinamva zimenezi tulo sindinatione. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno pofika Okutobala: ukatsegula thumba umangomva kuwayawaya, pansi pali ufa wokhawokha, anankafumbwe atachita phwando. Munthu walima, wagula feteleza wangongole, wapalira, wabandira, kenako n'kumagawana chakudya ndi kachilombo.

Ndisakunamizeni kuti nkhaniyi ndi yokoma mbali zonse. Kachilombo kamene sikanagonje pa kafukufukuyo ndi nankafumbwe wamkulu uja, wa dzina loti Prostephanus truncatus, yemwe amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo ndi yemweyo watisautsa kwambiri kuno. Komanso ife nsima ndi ya tsiku ndi tsiku, chaka chathunthu, ana ndi amayi oyembekezera omwe. Masiku 21 a mbewa sangandikhutiritse kuti ndidyetse ana anga chinthu cholanda vitamini, ngakhale ndikudziwa kuti kuphika kumaifooketsa avidin. Ndipo simunaiwale 2002, njala itatigwetsa kuno ku Kasungu, boma likunena kuti chimanga cha thandizo chosinthidwa chibadwa chiyambe chagayidwa kuti anthu asachidzale. Mantha amenewo sanathe m'midzi, ndipo ine sindiwaseka.

Chimandiwawa n'chakuti nzeru yonseyi inathera m'timabotolo ta mu firiji. Funso lakuti n'chifukwa chiyani nankafumbwe wamkulu sagonja ndi lathu ife, si la anthu a ku Kansas. Iwo nkhokwe zansungwi alibe. Amene angalifunse ndi mtima wonse ndi munthu ngati inu, amene munakula mukupeta chimanga chofumbwa, ndipo lero makina muli nawo m'manja. Ku Chitedze ndi ku Bunda kuli anthu amene mungagwirizane nawo, ndipo tizilomboto sitisowa, ndikhoza kukutolerani chigoba chodzaza pakhomo pano pompa.

Pakadali pano ife tikudalira matumba a PICS, otsekera mpweya aja. Chaka chino ndagula asanu ndi limodzi, chotsalacho ndathira Actellic.

Mukamayankha munditumizireko zithunzi za mmene mumalekanitsira mapuloteni pa gel, chinthu chofewa ngati phala louma chija, ndi za mabakiteriya ali m'mbale zawo. Ana anga asukulu DNA amangoiona pabolodi, yojambulidwa ndi choko, ndipo ndikufuna aone kuti wogwira zimenezi ndi mwana wa kuno konkuno. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi muwaimbire Loweruka madzulo, ndikakhala komweko ndi foni yanga.

Ine mnzanu wakalekale,
ku Kasungu