Ana athu asamangoloweza manotsi ku yunivesite

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za momwe ana athu akuphunzirira m'mayunivesite.

Mwana wanga ali chaka chachitatu, akuphunzira zaulimi. Atabwera ku holide ndinapita naye kudimba n'kumuonetsa chimanga chamasamba achikasu. Anangoti kakasi, kenaka n'kuyamba kusakasaka manotsi mufoni. Agogo ake, omwe analekezera sitandade 4, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti nthaka yaguga, pakufunika manyowa.

Sindikumunyoza mwanayu ayi. Akuti m'kalasi mwawo amadzaza mpaka ena kuima pakhomo. Aphunzitsi amangowerenga zomwe zili pa projekita, iwo n'kumajambula ndi mafoni. Wofunsa funso anzake amamuona ngati akuwachedwetsa ku nkhomaliro. Mayeso akayandikira, ndiye kuchezera usiku wonse kuloweza.

Taonani ophunzira udokotala a ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS): amazungulira m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kumafunsidwa mafunso ali pambali pa bedi la wodwala. Enawa alekeranji? Aphunzitsi agawe ana m'timagulu, awapatse vuto lenileni ngati la ntchemberezandonda m'chimanga, akalowe m'munda, abwere adzatsutsane pamaso pa anzawo. Fizi tikulipirayi timaipeza movutika, ena mpaka kugulitsa mbuzi.

Kholo lokhudzidwa,
Ntcheu