Akufuna kuphimba dzuwa, koma alimi sitinauzidwe

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo masiku ano ndimalima chimanga ndi nandolo kuno ku Phalombe. Tsiku lina tili pamzere kuchigayo ndinafunsa anzanga ngati anamvapo zoti asayansi ena akufuna kuwaza utsi wa sulufule kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, kuti dzuwa lichepe ukali. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Mayi wina anatula dengu lake pansi n'kundifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, akatero mvula yathu idzagwa bwanji?"

Funso la mayiwa ndi lomwe landilembetsa kalatayi.

Nzeruyi anaitengera paphiri la Pinatubo ku Philippines. Litaphulika mu 1991, utsi wake unaziziritsa dziko lonse lapansi ndi pafupifupi theka la digiri, koma chaka chotsatira mvula yogwa kumtunda inachepanso. Njirayi sichotsa mpweya woipa womwe ukutenthetsa dziko, imangophimba. Mukaiyamba n'kuisiya mwadzidzidzi, kutentha kumabwerera mwamkokomo.

Kumene anthu anauzidwa, anayankhula. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anafuna kuulutsa chibaluni choyeserera ku Kiruna m'dziko la Sweden, koma Asaami, eni nthaka oweta mphalapala za kumeneko, anakana ndipo sichinauluke. Kampani ya ku America yotchedwa Make Sunsets inaulutsa mabaluni a sulufule ku Mexico osapempha chilolezo, boma la Mexico n'kulengeza mu January 2023 kuti liletsa zimenezi. Nduna zoona zachilengedwe za mu Africa nazo zinagwirizana ku Addis Ababa mu 2023 kuti njirayi isagwiritsidwe ntchito. Ndikugwirizana nazo, komatu zinayankhulira anthu oti nkhaniyo sanaimvepo.

Kafukufuku wina wa mu 2024, yemwe anafunsa anthu oposa 30,000 m'mayiko 30, anapeza kuti a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene amazilandira bwino njira zoterezi kuposa a m'mayiko olemera. Sindikudabwa. Ife tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akugubuduza miyala yaikulu ngati nyumba kuchokera m'mapiri, ndipo chaka chotsatira chimanga chinauma chili chiimire, maboma 23 mwa 28 n'kulengezedwa kuti ali pangozi. Munthu wotere ukamuuza kuti pali mankhwala oziziritsa dziko, angakane? Ndikuopa kuti "inde" wa munthu wothedwa nzeru adzamuwerenga ngati chilolezo, pamene sanauzidwe kuti mankhwalawo akhoza kusuntha mvula.

Chinanso chimandiwawa mtima. Mvula ikachedwa m'midzi mwathu muno, pamapezeka anthu oloza chala agogo osalakwa kuti amanga mvula, ena mpaka kuwamenya. Tsiku lomwe dziko lina lidzayambe kuwaza utsiwu anthu athu asakudziwa kanthu, dzinja likadzavuta mkwiyo udzagwera nkhalamba zomwezi.

Pempho langa, Akonzi, n'lakuti nkhaniyi muilembe m'Chichewa, ndipo mawailesi a m'madera aifotokoze m'Chilomwe, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'Chitumbuka. Itanani a nthambi yoona zanyengo ndi aphunzitsi a kusukulu zaukachenjede adzatiuze ubwino ndi kuipa kwake, komanso zomwe boma lathu limanena kumisonkhano yakunja. Mayi wa kuchigayo uja ndinamulonjeza kuti ndidzamuwerengera yankho lanu.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma, Phalombe