Kalata yotseguka kwa Phungu wathu, amene kale anali mlangizi wa zachisamaliro cha anthu

Olemekezeka a Phungu,

Ndakulonjerani. Ndine mmodzi wa amayi a Mother Group, gulu lolimbikitsa atsikana kuti asasiye maphunziro, pasukulu ina ya pulayimale cha kumalire kuno ku Ntcheu. Makalata tinalemba, uthenga tinatuma kudzera kwa a khansala ndi kwa anyamata anu, foni taimba mpaka kutopa. Yankho ndi lomwe lija lakuti abwana ali ku Lilongwe. N'chifukwa chake lero ndalemba poyera.

Dzina lanu sinditchula, chifukwa ulemu umene ndimakupatsani ndi wakale. Ife tinakudziwani musanalowe ndale. Munabwera kuno mutangomaliza maphunziro ku koleji ya Magomero, pa njinga yamoto yokalamba, kope lanu mutalikulunga m'jumbo kuopa mvula. Mukafika pakhomo simunkadikira mpando, munkakhala pamphasa. Mwana akagwiriridwa ndinu munkaperekeza amake kupolisi, kuchipatala mpaka kukhoti, ndipo akuluakulu akati tikambirane zapachibale kuti nkhani ife, inu munkakana. Lamulo loteteza ana la 2010 litabwera, ndinu munatikhazika pansi n'kutimasulira m'Chichewa. Ngakhale pamene munapita kukagwira ntchito ku bungwe lothandiza ana amasiye simunatitaye. Ndiye mutanena kuti mukufuna uphungu, ife amayi sitinafunse zambiri. Tinavina ngoma pamisonkhano yanu, tinakuvoterani, tikuti tsopano ku Nyumba ya Malamulo kwapita munthu wodziwa fungo la umphawi.

Imvani zimene zachitika kuno. Pafupi ndi sukulu yathu pali agogo ena, maso anachita ng'ala, akulera zidzukulu zinayi zimene mwana wawo anasiya. Wamkulu ndi mtsikana, panthawiyo anali ndi zaka 14, ali sitandade 7, mwana wa mutu wabwino. Mukukumbukira kuti mu 2024 mvula inadula chifukwa cha El Niño mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Pofika kumapeto kwa chakacho pakhomo paja panalibe ngakhale gaga. Kunabwera bambo wina wa tsidya la malire, ku Mozambique, kumene anthu athu amakachita ganyu m'minda ya kachewere. Anabweretsa thumba limodzi la chimanga ndi chitenje. Agogo analandira, bamboyo n'kutenga mtsikana uja kuti akhale mkazi wake. Musawaweruze, a Phungu. Ine mphika wawo ndinauona ndi maso angawa: munali mango aawisi owiritsa, ndipo kamwana kotsiriza kankanyambita chivindikiro.

Titamva tinathamangira kwa woteteza ana wa m'dera lathu. Munthuyo amangodzipereka, sali pa malipiro, ndipo njinga yake yakapalasa inatha matayala kalekale. Anaimba foni ku boma, anamuuza kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe. Anthu a kumeneko sindikuwada. Inu munakhalapo pa desiki ngati imeneyo, mukudziwa mmene ndalama za mwezi zimafikira, zikafika n'komwe. Tinasonkherana ife amayi ndalama ya kabaza, a nyakwawa analembera kalata mfumu inzawo ya tsidya lija, mwana anabwera. Koma anabwera ali ndi pakati. Kusikelo anamwino anati thupi n'laling'ono, akachirire kuchipatala chachikulu, ndipo anachira mwa opaleshoni. Ndondomeko ya Unduna wa Maphunziro imalola kuti abwerere kusukulu, ife tamulimbikitsa, yunifolomu tamusokera. Nanga khanda amusiyira ndani, agogo osaona aja? Masana akamva belu la kusukulu amalowa m'nyumba kuti anzake asamuone.

Malamulo tili nawo abwino. La maukwati la 2015 linati munthu akwatiwe atakwana zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Anansi athu a ku Dedza anaona Inkosi Theresa Kachindamoto ikuthetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuimitsa mafumu olekerera. Koma lamulo silikwera phiri lokha, a Phungu. Limafuna munthu woti alinyamule, ndipo munthuyo amafuna mafuta, malipiro ndi mayunitsi a foni. Kale munthuyo munali inu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti khomo limene lija ndilo Mtukula Pakhomo inapangidwira chiyambire ku Mchinji mu 2006: osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu woti n'kulima. Koma amatenga mabanja 10 okha mwa 100, ndiye agogo aja anatsala kunja kwa kaundula. Ngakhale amene akulandira, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalamayo siigulanso zimene inkagula. Ndipo gawo lalikulu la ndalamazo ndi la abwenzi akunja; tsiku limene adzatope tidzagwira mtengo wanji? Zina ndingotchula mothamanga. Alezi a kumkombaphala akuphika phala ndi ufa wa m'nyumba mwawo. Ana olumala akungokhala pakhomo chifukwa njinga za olumala palibe. Anyamata a sitandade 5 akugulitsa kabichi m'mbali mwa msewu wa M1 nthawi ya sukulu. Nambala ya 116, yoimba mwana akachitidwa nkhanza, timawaphunzitsa ana, koma m'midzi ina netiweki amakayipezera pachulu.

Munaima pabwalo la sukulu yathu nthawi ya kampeni. Munati oteteza ana ndi alezi adzalandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Munati dera la mfumu yaikulu iliyonse lidzakhala ndi njinga yamoto. Munatinso simudzakhala phungu wongogula mabokosi a maliro. Mabokosi mukugula, ndipo oferedwa amayamika, sindikunyoza. Koma zimenezo phungu wina aliyense akhoza kuchita. Ife tinasankha inu chifukwa cha ntchito imene munaiphunzira n'kuigwira, ndipo timatchera khutu pawailesi aphungu akamakambirana, kudikira kuti mwina lero titamva mawu anu pa nkhani ya ana. Sitinawamvebe.

Pempho lathu nali. Nyumba ya Malamulo ikamadzakambirana bajeti ikubwerayi, muimirire, mufunse nduna yoona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kuti oteteza ana odzipereka adzalowa liti pa malipiro, komanso kuti maofesi a m'maboma apatsidwe ndalama ya mafuta yosasowa. Mukakamize kuti kaundula wa Mtukula Pakhomo awunikidwenso kuno kuti mabanja ngati la agogo aja alowe. Ndipo musanapite ku Lilongwe mubwere, mukhale nafe pamodzi ndi mafumu ndi woteteza ana wathu. Tsiku mutiuze kudzera kwa a gulupu. Agogo aja tidzawanyamula pa njinga kuti mudzawamve nokha.

Ine mayi wa Mother Group,
Ntcheu